Kupalasa njinga m'minda ya mphesa ya ku Stellenbosch: tiyambire pati, ndipo tipite mwezi uti?

Wopalasa wa ku Chilomoni

Moni nonse akuluakulu. Ndife kagulu ka anthu amene timapalasa njinga zokwerera mapiri kuno ku Blantyre, ndipo Loweruka timakhala tili m'tinjira ta ku Michiru, apo ayi timatsetsereka msewu wa Chikwawa n'kubwereranso pa chitunda chachitali chija. Chaka chamawa tikufuna kupita ku South Africa, m'chigawo cha Western Cape kumene amalima mphesa zopangira vinyo, chifukwa takhala tikuonera mpikisano wa Cape Epic pa intaneti ndipo njira zimene opikisanawo amadutsamo zatikopa mtima kwambiri. Sitikupita kukapikisana ayi, cholinga chathu n'kukapalasa modekha kwa mlungu umodzi.

Tikupempha amene munafikako mutiunikire. Kodi tikakhale m'tauni iti kuti njira zabwino zikhale pafupi? Ife timaganiza zopita mu Malichi, popeza kuno kumakhala matope ndipo ndi mwezi womwe mpikisanowo umachitika, koma sitikudziwa ngati ndi nzeru. Komanso, kodi munthu amangolowa m'minda ya eni ndi njinga, kapena pamafunika chilolezo? Ndinene kuti ena mwa ife ali ndi mphamvu pokwera chitunda koma amachita mantha potsika pamalo amiyala.

Bambo a ku Namiwawa

Achimwene, ine ndinakhalako kuderalo pa ntchito, ndipo ndikukulangizani kuti mukakhale ku Stellenbosch, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kuchokera ku Cape Town. Ndi tauni yakale ndithu, inakhazikitsidwa mu 1679 ndi Simon van der Stel, ndipo ili ndi yunivesite, choncho malo ogona otsikirako mtengo komanso mashopu okonza njinga sasowa. Chachikulu n'chakuti mukhoza kutuluka pa nyumba yogona muli pa njinga n'kufika poyambira njira popanda kufuna galimoto.

Poyambira pabwino kwa gulu ngati lanu ndi ku Bottelary Hills, kumadzulo kwa tauniyi. Kumeneko alimi angapo anagwirizana kutsegula minda yawo, ndipo njira zimayenda m'mphepete mwa mizere ya mphesa, kukwera zitunda zosatalika kwenikweni, n'kudutsa m'tchire lachilengedwe limene latsala pamwamba pa zitundazo. Kukakhala kopanda mitambo, phiri la Table limaonekera patali. Anzanu amene amaopa miyala adzapezako mtima, chifukwa mbali yaikulu ndi misewu ya mathirakitala ndi tinjira tosalala.

Mukazolowera nthaka, mupite ku chigwa cha Jonkershoek, kumene kumachokera mtsinje wa Eerste. Uku ndiye kuli njira zimene zinatchukitsa Stellenbosch. Pansi pa chigwa pali msewu wafumbi wozungulira wa makilomita pafupifupi 10, umene aliyense akhoza kupalasapo, koma tinjira totsika kuchokera m'mbali mwa mapiri, monga kamene amakatcha Armageddon, si ta munthu wongoyamba kumene. Pali makhota akuthwa, miyala yosongoka ndi malo ena pamene njinga imauluka. Muzikaonetsetsa mitundu ya zikwangwani: njira zobiriwira ndi zofewa, zabuluu n'zapakatikati, zofiira n'zovuta, ndipo zakuda zimafuna katswiri. Pafupi ndi yunivesite pali phiri la Coetzenburg, pamene panachitikira mpikisano wa World Cup wa njinga zoterezi mu 2018, ndipo ndi malo abwino opalasapo madzulo kwa maola ochepa.

Tsiku lina mulisungire ulendo wautali wodutsa pa msewu wokwera phiri wa Helshoogte, kutsikira m'chigwa cha Banhoek, kudzera pa mudzi wa Pniel mpaka pa famu ya Boschendal, imene inayamba mu 1685 ndipo ili ndi njira zakezake za njinga. Mukapitirira mudzafika ku Franschhoek, kumene kunakhazikika anthu othawa chizunzo cha chipembedzo ku France, otchedwa ma Huguenot, mu 1688, n'chifukwa chake mafamu ambiri kumeneko ali ndi maina a Chifalansa. Kwa ine ulendo umenewu ndiwo wokongola kuposa onse, ngakhale kuti mbali ina mumakhala pa msewu wa phula wodutsa magalimoto ambiri. Ubwino wake, iwonso amayenda kumanzere ngati ife.

Za chilolezo, inde chimafunika pafupifupi paliponse. Mumagula cha tsiku limodzi pa geti, pa famu kapena pa foni, ndipo chilolezo cha malo amodzi sichikhala chogwira ntchito kwina kulikonse, choncho muzifunsa musanalowe. Mwezi wa Malichi ine sindikuuona woipa, chifukwa nthaka imakhala youma ndipo tauni imakhala yodzaza ndi anthu a njinga.

Mayi a ku Thyolo

Ndikugwirizana ndi bambo a ku Namiwawa pa za njirazo, koma pa nkhani ya mwezi ndikusiyana nawo ndithu. Nyengo ya ku Western Cape ndi yotembenuka poyerekeza ndi yathu: mvula yawo imagwa m'miyezi yozizira, makamaka kuyambira Juni mpaka Ogasiti, pamene kuno tili pa chiperoni, ndipo m'miyezi imene kuno tikulima iwo amakhala pa dzuwa lowotcha popanda mvula. Kuyambira Januwale mpaka kuchiyambi kwa Malichi, ku Paarl ndi ku Wellington, matauni a kufupi ndi Stellenbosch, kutentha kumapitirira madigiri 35, masiku ena kufika 40, ndipo m'minda ya mphesa mulibe mthunzi popeza mitengoyo ndi yaifupi. Ndi nyengo yomweyonso imene mphepo yamphamvu yochokera kumwera chakum'mawa, imene iwo amaitcha Cape Doctor, imawomba, ndipo moto wolusa umabuka m'mapiri mpaka njira zina kutsekedwa.

Koma chimene chikundikhudza kwambiri n'chakuti Malichi ndi nthawi yokolola. Ntchito yothyola mphesa imayamba chakumapeto kwa Januwale n'kufika mu Malichi, kwina mpaka mu Epulo. Amene munapalasapo m'maesiteti a tiyi kwathu kuno pa nthawi yothyola mukudziwa mmene misewu ya m'munda imakhalira: mathirakitala okoka ngolo, anthu atanyamula katundu, aliyense akuthamangitsana ndi nthawi. Kumenekonso zimakhala choncho, ndipo amayamba m'bandakucha kuti mphesa zifike kofinyira zisanatenthedwe ndi dzuwa, nthawi yomweyo imene wopalasa amafuna kunyamuka pothawa kutentha. Mwa antchito amenewo muli abale athu a ku Malawi amene anapita kukasaka ganyu, ndipo sichingakhale chaulemu kuti ife tibwere pa liwiro pakati pawo iwo ali pa ntchito yolemetsa.

Minda imeneyi ndi ya eni ake, si paki ya boma. Njira zilipo chifukwa alimi anavomera, ndipo akhoza kuzitseka akaona kuti opalasa akuwononga. Musachoke pa njira yoikidwa n'kulowa pakati pa mizere, chifukwa pansi pamakhala timapaipi tothirira madzi timene tayala likhoza kuthyola. Musathyole ngakhale phava limodzi la mphesa. Geti limene mwalipeza lotseka mulitsekenso, ndipo mukaona thirakitala ikupopera mankhwala, imani patali mpaka idutse.

Ine ndikanasankha Okutobala kapena kuchiyambi kwa Novembala. Mvula imakhala itachepa, nthaka ikadali ndi chinyezi chokwanira kuti matayala azigwira bwino, mphesa zitaphuka masamba atsopano, ndipo tchire lachilengedwe la m'mapiri, limene amalitcha fynbos, likadali ndi maluwa. Ndi nyengo imeneyi pamene pamachitika mpikisano wa masiku atatu wa Wines2Whales, wa pakati pa Somerset West ndi dera la Hermanus, kudzera ku Elgin. Ngati Okutobala sangatheke, Epulo ndi wabwinonso, zokolola zitatha ndipo masamba akufiira.

Makaniko wa ku Ndirande

Ine ndilankhulepo za njinga zokha. Ngati mukwera ndege pa Chileka, mudzasinthira ku Johannesburg, ndipo njinga iyenera kulowa m'katoni kapena m'chikwama chake, mutachotsa mapedulo ndi tayala lakutsogolo n'kupotoza handulo. Funsani kampani ya ndege za kulemera kololedwa musanagule tikiti, chifukwa malamulo ake amasiyana. Pa basi, kudzera Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, mukafika ku Johannesburg mumakhala mutatsala ndi makilomita pafupifupi 1,400, ndipo njinga imavutika nawo ulendo wotero. Ku Stellenbosch kuli malo obwereketsa njinga zabwino zokhala ndi mashoko kutsogolo ndi kumbuyo, choncho kwa mlungu umodzi kubwereka n'kwanzeru, koma mutenge nsapato, mapedulo, chishalo ndi helemeti zanu zimene thupi linazolowera. Popanda helemeti sangakuloleni kulowa.

Amene atenge njinga zawo aike matayala opanda chubu, okhala ndi mankhwala otseka zibowo, chifukwa m'mphepete mwa minda mumakhala minga yaing'ono yobaya kwambiri. Mabuleki akhale ndi mapadi atsopano, popeza mitsetse ya ku Jonkershoek ndi yaitali ndipo imatenthetsa mabuleki.

Wopalasa wa ku Chilomoni

Zikomo kwambiri nonse, makamaka mayi, chifukwa za nthawi yokolola zatithandiza kuganiza bwino. Takambirana ndipo ambiri akukonda Okutobala. Funso latsala ndi lakuti, kodi tingakonzekere bwanji kuno kwathu, ndipo kodi ku Wellington n'koyenera kufikako kapena tingokhala ku Stellenbosch mlungu wonse?

Bambo a ku Namiwawa

Mayi anena zoona, ndipo Okutobala ndikuvomereza. Pa za mphamvu musade nkhawa, achimwene. Blantyre ili pamalo okwera mamita opitirira 1,000 poyerekeza ndi nyanja yamchere, pamene Stellenbosch ili m'munsi ndithu, ndipo munthu amene amakwanitsa chitunda cha Chikwawa sangagonje pa Helshoogte. Chimene mukuchisowa ndi luso lotsika. M'miyezi ya chilimwe pitani ku phiri la Zomba, mukasankhe kanjira kamodzi kamiyala ndi mizu, muzikatsikapo mobwerezabwereza, mutaima pa mapedulo, zigongono zili zopinda, maso akuyang'ana patsogolo osati pa tayala, ndipo mabuleki onse awiri mukuwagwira mofatsa musanafike pa khota. Anzanu amantha aja ayambe pamalo osatsetsereka kwambiri, ndipo asakakamizidwe kutsatira anzawo aliwiro.

Ku Wellington mupiteko tsiku limodzi ngati mungapeze galimoto. Pa famu ya Welvanpas pali njira zokwera ndithu m'munsi mwa mapiri a Hawequa, pafupi ndi msewu wakale wa Bain's Kloof umene unatsegulidwa mu 1853, ndipo zimafuna miyendo yolimba ngati yanuyo. Munyamuke m'mawa, mutenge madzi okwanira, ndipo muzisamala popondapo mukatsika pa njinga, chifukwa nyengo yofunda ikayamba njoka ya mphiri imakonda kuwothera dzuwa m'njira ndipo sithawa msanga. Mafamu ambiri amalandira alendo odzalawa vinyo, kuphatikizapo wa mtundu wa Pinotage umene Abraham Perold anaupanga ku Stellenbosch konko mu 1925, koma zimenezo muzichita mutamaliza kupalasa, ndipo amene samwa akhoza kuitanitsa madzi a mphesa osawira.