Rimoti ikusiya kumveka ma mota akangoyamba kuzungulira

Moni nonse akuluakulu, ndabwera kudzapempha nzeru.

Ndikupanga kaloboti ka matayala awiri koyendetsa ndi rimoti ya TV. Ndikugwiritsa ntchito Arduino Uno (kabolodi kolamulira kalobotiko), L298N yoyendetsera ma mota, ndi receiver ya VS1838B, yomwe imamva kuwala kwa infrared kophethira pa 38 kHz. Rimotiyo imatumiza ma code a NEC (mtundu wina wa zizindikiro za ma rimoti), ndipo library ya IRremote, pulogalamu ya pa Arduino yomasulira zizindikirozi, ikuwawerenga bwinobwino ma mota akakhala chete. Koma akangoyamba kuzungulira zonse zimasokonekera. Serial Monitor, poonera pa kompyuta zomwe Arduino yawerenga, imangoonetsa UNKNOWN (code yosadziwika), ndipo batani loimitsa silimveka n'komwe, kaloboti kamangopita mpaka kukagunda khoma.

Rimoti ilibe vuto, ndaiyang'ana ndi kamera ya foni ndipo kababu kake kakuphethira. Mabatire ake ndi atsopano. Ndayesanso m'chipinda chotseka makatani poganiza kuti mwina dzuwa ndilo likusokoneza, koma ayi ndithu. PWM, yomwe imasintha liwiro la ma mota, ndaichotsa pa pin 3 ndi 11 za Arduino, popeza IRremote imatenga Timer2, chowerengera nthawi chomwe PWM ya ma pin awiriwa imadalira, ndaiika pa 5 ndi 6. Liwiro tsopano likusintha bwino, koma ma code akubwerabe osokonekera.

Ineyo ndikukayikira magetsi, chifukwa Arduino ndi ma mota zikudya batire imodzi. Kodi kuika capacitor ya 100 nF pa mota iliyonse, kuphatikiza resistor ya 100 ohm ndi capacitor ya 4.7 µF pa receiver, kungakwanire? Kapena ndipatule mabatire n'kungolumikiza GND (mbali ya negative)? Nanga amene munagwiritsapo ntchito receiver ya TSOP38238, kodi imapirira zoterezi kuposa VS1838B? Zikomo kwambiri.