Gulu la banja: Sienta ija tiitani?

Lachiwiri madzulo

Make Tadala: Madzulo abwino nonse. Papita masabata awiri chichitikire ngozi ija. Tithokoze Mulungu kuti Yamikani watuluka m'chipatala, komanso anthu atatu amene anakwera aja onse ali kwawo. Koma galimoto yangokhala pabwalo pa Malume, mvula ikuigwera. Tiyeni tikambirane lero kuti tiikonza, tiigulitsa momwe iliri, kapena tiiphwasula n'kugulitsa zipangizo zake. Bambo a Tadala anapita kukaiona Loweruka ndi makaniko wawo wa ku Biwi, afotokoze okha.

Bambo a Chisomo: Ndilipo achemwali, ndangoweruka kumene. Tisanapite patali, a inshulansi akuti chiyani? Chaka chatha ndinatumiza ndalama ya comprehensive, ija imalipiranso galimoto ya mwini wake ikaonongeka.

Make Tadala: Achimwene, ndikuuzeni zoona pamaso pa onse. Ndinadula ya third party. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa galimoto unakwera, ndiye ya comprehensive inakweranso. Ndalama munatumiza sinakwane, ndipo mwezi womwewo mankhwala a shuga a Amayi tinkagula ku famase. Yotsalayo inapita kumeneko. Ndinalakwa kusakuuzani.

Bambo a Chisomo: Eee. Ndiye sitipatsidwa kanthu?

Bambo a Tadala: Pa galimoto yathuyi palibe, alamu. Third party imalipira anthu ena amene avulala kapena kuonongekeredwa katundu, osati galimoto ya mwini wake. Imene ingathandizike ndi nkhani ya mayi anathyoka dzanja uja. Lipoti la apolisi tatenga, tikalipereka mawa.

Bambo a Chisomo: Achemwali, mukanandiuza ndikanawonjezera. Kuno ku Joni timagwira ntchito usiku ndi usana kuti zinthu ngati izi zisatipeze manja ali m'khosi. Zandipweteka kwambiri.

Malume: Mphwanga, mawu ako amveka, ndipo mlongo wako wavomera kulakwa. Madzi akatayika saoleka. Ndalamayo sanadyere kumowa, anagulira mayi ako mankhwala. Tiyeni timve za galimoto.

Bambo a Tadala: Zikomo Malume. Galimoto inagunda khoma la kalavati chakumanzere kutsogolo. Bampala, nyali zonse ziwiri, boneti, rediyeta, galasi lakutsogolo, zonsezi zatha. Tayala lakumanzere linalowa m'kati, shokabu yapindika. Ma airbag onse awiri anaphulika. Koma zimenezi n'zogula. Chimene chandidetsa nkhawa ndi chasisi. Sienta si ngati Hilux yoti ili ndi chasisi chapachokha pansi, thupi n'kukhala pamwamba. Iyi thupi lake ndi chasisi ndi chimodzi. Chitsulo chakumanzere chimene chimanyamula injini chapindika mpaka pansi pa mapazi a wokhala kutsogolo, ndipo chitseko chakumanzere sichikutsekeka. Makaniko anayeza ndi tepi kuchokera tayala lakutsogolo kufika lakumbuyo, mbali ziwirizi zasiyana ndi zala zitatu.

Yamikani: Koma injini ikulira alamu. Ndinailiza ndekha Lachisanu, inangodzuka kamodzi.

Bambo a Tadala: Usailizenso mphwanga, mulibe madzi mmenemo, uipsereza. Inde injini ndi yabwino, giyabokosinso sinakhudzidwe. N'chifukwa chake galimotoyi ikadali ndi mtengo.

Azakhali: Moni ana anga. Ine ndimvetseni. Kuno ku Ndirande ndaona ndi maso anga magalimoto ophwanyika kuposa iyi akuwongoledwa, n'kutuluka ngati atsopano. Anyamata amenewa ali ndi luso. Tingotaya chinthu chimene munachisonkhera movutika chonchi?

Yamikani: Ndi zimene ndikunena Azakhali. Mmisiri wina pa Ntcheu pompano wati ndi K2,500,000 aikonza yonse, iyenda pasanathe mwezi.

Bambo a Tadala: Ndinamuona mmisiri ameneyo, ndinacheza naye. Ndinamufunsa kuti chasisi achiwongola bwanji, anati amangirira tcheni kumtengo, atenthe chitsulo ndi gasi n'kukoka. Za ma airbag anati angomata chivindikiro cha pachiwongolero, nyali yochenjeza ija aichotse babu. Kunja idzaoneka bwino ndithu, Azakhali akunena zoona. Koma chitsulo chikapindika n'kutenthedwa chimafewa, sichibwereranso mphamvu yake. Galimoto izidzakokera mbali imodzi, matayala azidzatha m'mbali miyezi iwiri iliyonse, ndipo ikadzagundanso, kutsogoloko kudzangofwanyika ngati chitini. Tsiku lija Yamikani anapulumuka chifukwa chitsulocho chinalandira mphamvu ya kugundako, lamba anagwira, airbag inatuluka. Zitatu zonsezi sizidzakhalaponso.

Make Tadala: Nanga kukonza koyenera kungadye zingati?

Bambo a Tadala: Makaniko wati njira yabwino ndi kugula half cut, kutsogolo konse kwa Sienta ina kodulidwa ku Japan, n'kulumikiza pa garaja yokhala ndi makina oyezera. Ndazungulira ku Malangalanga dzulo, ndapeza imodzi yokha, akuti K4,200,000. Onjezani ntchito, penti, galasi, ma airbag ndi malamba ake, kuikoka kuchoka ku Ntcheu, kenako COF, chiphaso chosonyeza kuti galimoto ndi yoyenera kuyenda pamsewu. Tikukamba za K7,000,000 kapena kuposa, ndipo ogulitsa akusintha mitengo sabata iliyonse chifukwa cha kusowa kwa ndalama zakunja.

Bambo a Chisomo: Galimoto tinagula K4,600,000 mu 2021, msonkho wa MRA pa Songwe uli momwemo. Lero kuikonza kokha kupose pamenepo?

Bambo a Tadala: Ndi mmene zilili alamu. Komanso yofanana nayo lero simungaipeze pa mtengo umenewo, yakwera kuposa kawiri.

Bambo a Chisomo: Zipangizo zina ndikhoza kuyang'ana kuno, koma Sienta yakale ija ku South Africa kulibe, sindinaionepo pamsewu. Anthu a kuno sakuidziwa n'komwe.

Yamikani: Achimwene, achemwali, ndikupempha mundimvetse. Galimoto imeneyi ndi khasu langa. Pa Ntcheu kupita ku Lizulu, ku Tsangano, ndimapeza ya ufa, ya fizi ya mwana, ndipo mwezi uliwonse ndimapereka gawo la banja osalephera. Mukaiphwasula ine nditani? Ndikudziwa kuti ndine ndinali pachiwongolero. Wanjinga uja anangolowa mumsewu, ndikanapanda kukhota ndikanamupha. Usiku sindikugona, ndikungoona zomwe zija.

Make Tadala: Palibe akukuimba mlandu mphwanga. Apolisi omwe analemba kuti unapewa munthu.

Bambo a Chisomo: Yami, mkwiyo wanga sunali pa iwe. Ukanagunda munthu uja lero tikanakhala tikukamba za maliro ndi khoti. Unachita bwino.

Azakhali: Ndiye bwanji osangoigulitsa momwe iliri, tithane nazo? Alipo amene akuifuna?

Malume: Abwera atatu pakhomo pano. Wina anati K2,000,000, wina K2,300,000. Wachitatu ndi amene wandidabwitsa. Galimoto sanaiyang'ane n'komwe, anangofunsa ngati blue book ilipo, akuti apereka K3,000,000 pompo koma za kusintha umwini tisavutike, adzapanga yekha.

Bambo a Tadala: Ameneyo ayi Malume, chonde. Munthu wofuna mapepala kuposa galimoto ali ndi galimoto ina yopanda mapepala imene akufuna kuiveka nambala yathu. Blue book ili m'dzina la Make Tadala. Tsiku limene galimoto imeneyo idzagwidwe, apolisi adzagogoda pakhomo pathu ku Area 25.

Make Tadala: Mayo ine. Asabwerenso ameneyo.

Malume: Ndinamuuza kale kuti eni ake sanagwirizane. Nkhope yake sinandisangalatse.

Bambo a Tadala: Awiri enawo ndi ogulitsa zipangizo, akufuna kuchita zomwe ifenso tingathe kuchita. Injini yake ndi 1NZ, ija ya 1.5. Imapezekanso mu Probox, mu Ractis, mu Corolla zina, ndiye oifuna ndi ambiri. Yokhayo ikhoza kupita pa K2,200,000 chifukwa wogula aimva ikulira asanalipire, tikangolumikiza madzi. Giyabokosi ya CVT anthu a ma taxi amaisaka usiku ndi usana, imafa msanga akamadzaza anthu ndi matumba a mbatata. Zitseko zotsetsereka zija, chitseko chakumbuyo, nyali zakumbuyo, mipando, kompyuta, matayala atatu, batire. Tikawerenga mosakokomeza tikhoza kupeza K5,000,000 kapena kuposerapo pang'ono. Koma sizibwera tsiku limodzi. Zikuluzikulu zimatha msanga, zing'onozing'ono zimatha miyezi.

Malume: Pamenepo ndiye ndili ndi mawu. Pakhomo panga pasasanduke msika. Chibwerere galimotoyi ndikugona khutu lili panja, agalu akauwa ndadzuka. Dzana ndapeza galasi loonera kumbuyo lakumanja kulibe. Mukati muziphwasula pang'onopang'ono pano, akuba adzatithandiza kugulitsa. Ndiponso chigoba chikatsala chidzakhala nyumba ya njoka, adzukulu akusewera pomwepo.

Make Tadala: Pepani Malume, takusenzetsani katundu.

Lachitatu m'mawa

Mayi aang'ono: Mwadzuka bwanji nonse. Usiku ndawawerengera achemwali zonse munalemba, mpaka foni inatha moto. Ati ndikulembereni mawu awo momwe anenera. Akuti: "Ana anga, galimoto imeneyi munandigulira kuti ndisamavutike popita kuchipatala, ndipo yandinyamula zaka zitatu, ndikuthokoza. Koma tsiku lija nditaona mwana wanga magazi ali kumaso, mtima unachoka. Ngati apongozi akuti chitsulo chafewa, ine sindikweramo, ndipo Yamikani asakweremo, ana a eni ake asakweremo. Musaikonze mwachinyengo n'kugulitsa kwa munthu wosadziwa, tsoka lake lidzatitsata. Koma mwanayu musamusiye manja lende."

Azakhali: Alamu anena zomveka. Ine ndabweza mawu anga a ku Ndirande aja.

Bambo a Chisomo: Amayi atha nkhani. Maganizo anga ndi awa. Galimoto ichoke kwa Malume sabata ino, ipite ku Lilongwe kwa makaniko wa alamu. Ya breakdown ndilipira ine, nditumiza Lachisanu ndikalandira. Ndalama iliyonse yolowa isagawidwe, ikhale pamodzi kuti tigule ina. Ine ndiziwonjezera mwezi ndi mwezi mpaka December.

Yamikani: Ndamva mawu a Amayi. Zikundiwawa koma sinditsutsa. Chopempha changa, pophwasula ndikhalepo. Galimoto imeneyi ndikuidziwa bawuti iliyonse, ndikudziwa zimene ndinasintha chaka chino. Alternator ndi yatsopano, mabuleki akumbuyo ndi atsopano, asagulitsidwe ngati zakutha. Ma driver anzanga pa siteji akufuna zitseko ndi giyabokosi, awiri andiimbira kale.

Bambo a Tadala: Zimenezo ndiye zabwino mphwanga, ubwere udzakhale kwathu masiku amenewo. Iwe ukagulitsa kwa anzako mwachindunji tipewa madobadoba. Koma ngongole ayi. Chipangizo chichoke ndalama italowa, ngakhale akhale mnzako wa pamtima.

Make Tadala: Ndalama zizilowa ku akaunti ya banja ija tinatsegula pa maliro a Bambo, osati pa Airtel Money kapena Mpamba ya munthu. Chilichonse chogulitsidwa ndizilemba pano tsiku lomwelo, ndi chithunzi cha risiti. Nkhani ya inshulansi ija yandiphunzitsa, sindikufunanso kuchita kanthu kumbali.

Bambo a Chisomo: Zikomo achemwali. Galimoto yotsatirayo comprehensive ndizilipira ndekha mwachindunji, ikavuta tizinena pano.

Malume: Nanga chigoba ndi mapepala?

Bambo a Tadala: Tidzipatse miyezi iwiri. Zikatha zikuluzikulu, zotsala tigulitse pamodzi kwa wogulitsa zipangizo, chigoba chipite kwa ogula zitsulo pa sikelo. Ma nambala puleti ndichotsa ndekha isanakwere breakdown. Make Tadala apite ku Road Traffic ndi blue book ndi lipoti la apolisi akanene kuti galimotoyi yatha, ichotsedwe m'kaundula. Blue book isaperekedwe kwa wogula aliyense.

Azakhali: Nanga mwanayu adya chiyani miyezi yonseyi? Mwina mumugulire njinga yamoto ayambe kabaza podikira.

Mayi aang'ono: Achemwali amva zimenezo, akuti njinga yamoto ayi, ngakhale ya ulere. Akuti ku wodi kumene anagona Yamikani mabedi ambiri anali a anyamata a kabaza.

Yamikani: Musadandaule Azakhali. Bwana wina wa Sienta ziwiri pano akufuna driver, ndinkangozengereza poganiza kuti yathu idzuka. Dokotala wati nthiti zikufuna masabata atatu ena, ndikachira ndiyamba.

Bambo a Chisomo: Ya fizi ya mwana teremu ino ndi yanga, usaiganizire.

Make Tadala: Yatsala nkhani ya Amayi. Tsiku lawo la ku kiliniki ya shuga ndi Lachinayi sabata yamawa, ayenera kufika m'mamawa asanadye. Minibasi sangakwanitse ndi miyendo ija.

Malume: Ndalankhula kale ndi mwana wa abusa, ali ndi Probox. Wati timuthirire malita asanu basi, awatenga 6 koloko n'kuwabweza. Mwezi uno mafutawo ndi anga, miyezi inayo mugawane.

Make Tadala: Mwezi wa mawa ndi wanga Malume.

Bambo a Tadala: Wa breakdown wati Loweruka m'mawa, K350,000 kuchoka ku Ntcheu kufika ku Biwi. Yamikani, uchotsemo jeke, sipeya ndi wailesi lero lomwe, batire ukasunge m'nyumba mwa Malume. Makiyi onse awiri ubwere nawo.

Yamikani: Chabwino alamu. Ambulera ya Amayi ndi buku lawo la kuchipatala zili m'kabati ya kutsogolo, ndikawapatsira madzulo ano.