Mfutso wa mwamuna aligone ndigule kapena ayi?

Mayi a ku Nchalo: Anzanga, pamsika pabwera mayi wochokera ku Thyolo ndi mfutso wa mwamuna aligone. Kambale kamodzi mtengo wake ukufanana ndi milu iwiri ya bonongwe. Ndigule?

Bambo a ku Ngabu: Mayi, musataye ndalama. Chimenecho ndi chitsamba chongodzimerera, kumtunda amachizula popalira. Kuno chamwamba chili pakhomo pomwe, chaulere, chisoso nachonso mvula ikagwa chimadzaza m'munda.

Mlongo wa ku Muona: Bambo, chisoso mwezi uno wa Okutobala muchipeza kuti? Dzuwa likufika madigiri 40, masamba onse apsa. Ine ndinakulira kumapiri a Thyolo, ndiwo imeneyi ndimaidziwa. Ilibe fungo lamphamvu ngati chisoso, ndi yofewa, ana amadya osakakamizidwa. Mukaiviika pang'ono, n'kuitendera nsinjiro ndi tomato, nsima imatha. Kuno kuchigwa siichita bwino chifukwa imafuna nthaka yachinyezi ndi nyengo yozizirirapo, ndiye amene wabwera nayo kutsika phiri lonse lija ayenera kulipidwa ndithu.

Aphunzitsi a ku Bangula: Ndiwonjezereko. Dzina lake la sayansi ndi Galinsoga parviflora, banja limodzi ndi chisoso komanso mpendadzuwa. Timaluwa take ndi tating'ono, pakati pachikasu, m'mbali timasamba toyera, kawirikawiri tisanu. Kwawo kwenikweni ndi ku America, ndipo ku Colombia amaumitsa masambawo n'kumagulitsa m'masitolo, amathira mu supu ya nkhuku ndi mbatatesi. Si ife tokha amene timawalemekeza.

Bambo a ku Ngabu: Aphunzitsi, ngati ndi choncho bwanji osangopempha njere n'kufesa kudimba miyezi yozizira ya Juni ndi Julaye?

Mlongo wa ku Muona: Chonde musayerekeze pafupi ndi anyezi kapena mpiru. Chimabereka njere msanga kwambiri, zikagwa zimamera pomwepo, mudzatopa ndi kupalira.

Gogo a ku Makhanga: Mwanawe, ndiwo ndi yabwino koma yang'anitsitsa. Mfutso wabwino umakhalabe wobiriwirako, ukaugwira umaphwanyika. Ukakhala wakuda, wofewa, kapena ukununkha chuku, ausunga ponyowa, usiye. Upetenso pachikhatho uone ngati mulibe mchenga. Ndipo kumbuka kuti kambale kouma kamafufuma mumphika, sungakayerekeze ndi mulu wa masamba aawisi amene amanyala.

Mayi a ku Nchalo: Zikomo agogo. Ndaununkhiza, ulibe chuku, mchenganso mulibe. Ndagula kambale kamodzi, ndiphika madzulo ano.

Bambo a ku Ngabu: Ine maganizo anga sanasinthe, bola ndalamayo kugula usipa.