Akuluakulu, "binding" wandithawitsira alimi ku Mitundu

Wa ku Kawale: Thandizeni msanga, pepalali akulifuna mawa m'mawa. Ndikumasulira kontirakiti ya alimi a soya ku Mitundu. Pali ndime yoti "this agreement shall be binding on both parties", ine n'kulemba kuti mgwirizanowu udzamanga mbali zonse ziwiri. Dzulo atawawerengera pansi pa mtengo wa mango, agogo ena anangodzambatuka, kutenga njinga yawo, amvekere sangadinde chala papepala lowaperekeza kundende ya Maula. Anthu 7 anawatsatira. Pano abwana akuti wasokoneza ndine. Ndiye "bind" yemweyu ali malo 4 m'pepalamo ndipo paliponse wavala malaya ena. Mumatani anzanga?

Madala Akukhoti: Sunalakwe mwana wanga. "Bind" ndi kumanga basi. Ukwati timamanga, mfundo pamsonkhano timamanga. Pa Mateyu 18:18 pali kumanga ndi kumasula, ndani anathawapo m'tchalitchi?

Nachisale wa ku Area 25: Madala, m'tchalitchi mulibe ngongole ya mbewu. Vuto ndi loti kumanga kwathuku kwasenza katundu wambiri: timamanga nkhuni, timamanga nyumba, apolisinso amamanga. Ukangoti "udzamanga" kenako n'kutchula munthu, mlimi amamva unyolo. Mfundo imamangidwa, inde, koma munthu akamangidwa ndiye kuti wagona m'chitokosi. Achimwene lembani kuti mbali zonse ziwiri zikukakamizidwa ndi lamulo kutsatira zomwe zagwirizana.

Wa ku Kawale: "Kukakamizidwa" sangathawenso?

Nachisale wa ku Area 25: Mwina "ziyenera kutsatira mwalamulo". Koma musafewetse kwambiri. Mukangoti "zikupemphedwa", tsiku lomwe mlimi adzagulitse soya kwa mavenda n'kusumiridwa, adzaloza inu.

Mlongo Wapawailesi: Chenjeraninso ndi "bound", ameneyo ndiye mfiti. Ndikuyamba kumene ntchito ndinamasulira nkhani ya basi "bound for Mzuzu" kuti basi yomangidwira ku Mzuzu. Mkonzi anaseka mpaka misozi. Pomwe pamenepo akungonena kuti yolowera ku Mzuzu, ndipo "bound" ameneyo sanachokere n'komwe kwa "bind", gwero lake ndi liwu lakale la anthu a ku Scandinavia lotanthauza kukonzeka. Palinso "prices are bound to rise", kutanthauza kuti mitengo ikwera ndithu, palibe chingwe pamenepo. "Out of bounds" ndiye nkhani ya malire.

Madala Akukhoti: Zonsezo n'zongokometsera. Ine ndatanthauzira milandu musanabadwe ena a inu. Lamulo limamanga munthu. Mukaopa liwu lenileni mukunamiza mlimi.

Wa pa Bwalo la Njobvu: Madala mwaiwala "bound over"? Ndinaonapo mayi wina pamlandu wokangana ndi mnzake pamjigo. Woweruza anati "bound over to keep the peace", womasulira n'kuti mwamangidwa. Mayi kugwa pansi, chitenje uko, abale kuyamba maliro panja. Chonsecho amauzidwa kuti azipita kwawo, angolonjeza kuti sayambanso ndewu kwa nthawi yomwe khoti lanena, akaphwanya adzalipira ndalama. Munthu womasulidwa timuuze kuti wamangidwa?

Madala Akukhoti: Ameneyo anali womasulira waulesi. Akanati mwamangidwa ndi lonjezo.

Nachisale wa ku Area 25: Ndiye mwavomera kuti palokha silikwana.

Madala Akukhoti: Sindinavomere kanthu. "Bind" ndi kumanga.

Wa pa Bwalo la Njobvu: Achimwene a ku Kawale, onaninso ngati muli "bond" m'pepalamo, poti ndi mbumba imodzi ndi "band" komanso "bundle". Penapake ndi chikole, penapake ndi lonjezo lolemba ngati la belo. Musalisinthe nokha loya wa eni kontirakitiyo asanaone, ndipo muwauze alembe pansi kuti pakakhala kusiyana chogwira ntchito ndi Chingerezi kapena Chichewa. Apo ayi mlandu wonse adzakusenzetsani.

Mlongo Wapawailesi: Musanatumize kawerengereni munthu wamkulu amene sanapite patali ndi sukulu, mumufunse wamva zotani. Ine ndimayesera apongozi anga.

Wa ku Kawale: Loya sakuyankha foni. Malo achitatu akuti "binding upon heirs and successors". Ndilembe kuti ana adzalowa ngongole ya bambo awo? Kunotu akamva zimenezo atsala ndi anthu awiri.

Wa pa Bwalo la Njobvu: Pamenepo musayerekeze kulotera, dikirani loyayo.

Mnyamata wa ku Biwi: Pepani ndalowerera, poti mwatchula "binding", ndani akudziwa pomwe amamanga malipoti ndi chikuto cholimba ku Old Town? Za sipairo zija andikanira.

Madala Akukhoti: Mwamva? Ngakhale buku amamanga.