Thandizeni: operating cycle ya Illovo ndiiwerenge bwanji?

Akuluakulu odziwa za akaunti, ndithandizeniko. Ndikuwerengera operating cycle (masiku amene amapita kuchokera pamene kampani yapeza katundu mpaka pamene yalandira ndalama itamugulitsa) ya Illovo Sugar Malawi kuchokera mu lipoti lawo la pachaka. Njira ndikuidziwa: avereji ya inventory (katundu amene sanagulitsidwe) ndigawe ndi cost of sales (ndalama zomwe zidalowa popanga katundu amene wagulitsidwa), ndichulukitse ndi 365, avereji ya ngongole za makasitomala ndigawe ndi ndalama zonse zogulitsa, ndichulukitsenso ndi 365, kenako ndiphatikize masiku awiriwo.

Pandivuta ndi apa. Chaka chawo cha ndalama chimatha pa 31 Ogasiti, nthawi imene ku Nchalo ndi ku Dwangwa akugaya nzimbe ndipo shuga ali mbwee m'nkhokwe. Ndikatenga Ogasiti wa chaka chatha ndi wa chaka chino, masiku a inventory sakhala ochuluka mopitirira? Kodi ndiwonjezepo manambala a theka la chaka, a mu Febuluwale, kuti avereji ikhale yoona?

Nanga nzimbe zomwe zidakali m'munda, zimene amazilemba pazokha, ndiziphatikize ku inventory kapena ndizisiye? Ine ndikuona ngati kuzisiya n'kubisa miyezi yambiri imene ndalama zimakhala zitagona m'dothi.

Komanso lipotilo silisiyanitsa malonda a pangongole ndi a kashi. Inu mumatani pamenepa?