N'chifukwa chiyani glycine amatenga malo ochepa akasungunuka m'madzi?

Wophunzira:
Ndikupempha thandizo kwa odziwa kemisitiri. Tikasungunula glycine (mtundu wa amino acid, zomwe zimapanga mapuloteni) m'madzi pa madigiri 25 Celsius n'kuwerengera malo amene mole imodzi (muyeso wa chiwerengero cha mamolekyulu) ikutenga, timapeza pafupifupi 43 cm³, pomwe glycolamide, yemwe ali ndi maatomu ofanana ndendende ndi a glycine, amatenga pafupifupi 56 cm³. Kodi kusiyanaku kumachokera pati, nanga acetic acid (asidi wa mu viniga) amachitanso chimodzimodzi?

Mphunzitsi wa kemisitiri:
Mwafunsa bwino, koma chimene chimachepa si glycine ayi, ndi madziwo. M'madzi, glycine amakhala zwitterion, molekyulu yokhala ndi machaji awiri otsutsana: mbali ya asidi imataya proton n'kukhala COO⁻, ndipo mbali ya amino imailandira n'kukhala NH₃⁺. Mamolekyulu a madzi amakokedwa mwamphamvu ndi machaji awiriwa, okosijeni n'kuloza ku NH₃⁺ ndipo haidrojeni n'kuloza ku COO⁻, motero amathithikana pamenepo kuposa mmene amakhalira m'madzi wamba. Kuthithikanaku, komwe kumatchedwa electrostriction, ndiko kumameza pafupifupi 13 cm³ mukuzifunazo. Glycolamide alibe machaji otere, choncho madzi omuzungulira sapanikizika.

Wa mu labotale:
Pa acetic acid nkhani ndi ina. Popeza pKa yake (nambala yosonyeza mphamvu ya asidi) ndi 4.76, mukasungunula mole 0.1 mu lita imodzi, mamolekyulu ongopitirira pang'ono limodzi pa 100 alionse ndiwo amataya proton. Otsalawo amagwirana ndi madzi kudzera m'ma hydrogen bond (kukokana kofooka kodzera mu haidrojeni) basi, choncho madzi sathithikana ngati pa glycine. Chonde samalani kutentha poyeza, chifukwa kukasintha ngakhale pang'ono, kulemera kwa madzi pa mililita kumasinthanso, ndipo zotsatira zimasokonekera msanga ngati zosungunulidwazo zili zochepa.

Wophunzira:
Zikomo aphunzitsi ndi inu a mu labotale. Nanga bwanji leucine, amino acid wina yemwenso ndi zwitterion, savomera kusungunuka ngati glycine?

Mphunzitsi wa kemisitiri:
Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa poyang'ana machaji okha. M'magalamu 100 a madzi mumasungunuka magalamu pafupifupi 25 a glycine, koma a leucine safika atatu. Leucine ali ndi nthambi ya makaboni anayi yomwe singapange hydrogen bond, motero madzi amakakamizika kudzisanja mwadongosolo moizungulira, zomwe zimachepetsa entropy (muyeso wa kusalongosoka kwa mamolekyulu) ndi kubweza kusungunuka m'mbuyo. Muyang'anenso pH, pakuti amino acid amasungunuka movutikira kwambiri pa isoelectric point yake (pH imene machaji ake amafafanizana), yomwe kwa onse awiriwa ili pafupi ndi 6, ndipo mukathira asidi kapena alkali wokwanira, kusungunuka kumakwera.