Bwana akufuna injiniya wathu akhale ali ku Johannesburg mwezi wamawa, nditani?

Nangozo wa ku Limbe:
Akuluakulu a HR, ndithandizeni nzeru, mutu waima. Kampani yathu ndi nthambi ya gulu lomwe likulu lake lili ku Johannesburg. Kumeneko akufuna injiniya wathu mmodzi akagwire nawo ntchito zaka zitatu pa makina atsopano omwe akuika. Bwana wanga akuti ndithetse kontrakiti yake ya kuno, alandire zake zonse, akasayine ina konko. Za visa akuti zisatichedwetse, Mmalawi amalowa ku Joni masiku 30 popanda visa, ndiye apite kaye, mapepala akakonzera komweko. Mnyamatayu wakhala nafe zaka ziwiri, koma ankabwera kudzera ku kampani ina yobwereketsa antchito. Ife tinamulemba tokha pa 1 Malichi. Ali ndi mkazi ndi ana awiri. Ine TEP, chilolezo chogwirira ntchito cha alendo obwera kuno, ndimaidziwa bwino, koma kutumiza munthu kunja ndi koyamba.

Wa ku Kanengo:
Achemwali, kalata yothetsa kontrakitiyo mwalemba kale? Ngati simunalembe, ikani cholembera pansi.

Nangozo wa ku Limbe:
Ili pa kompyuta, sindinaisindikize. Bwanji?

Wa ku Kanengo:
Mwachita bwino. Visa yomwe ikumuyenera munthu wanuyo ndi ya intra-company transfer, ambiri amangoti ICT. Ili mu gawo 19(5) la Immigration Act ya ku South Africa ya 2002. Tsinde lake ndi loti munthuyo ndi wantchito wa kampani ya kunja kwa dzikolo, ndipo wangobwerekedwa ku kampani ya pachibale nayo. Mukathetsa kontrakiti ya kuno mwadula tsindelo. Akhala munthu wamba wofuna ntchito ku Joni, ndipo adzayenera kulowera pa general work visa kapena pa critical skills, komwe kuli kupimitsa masatifiketi ku SAQA, bungwe loona za mapepala a maphunziro ku South Africa, komanso kwa injiniya nkhani ya kulembetsa ku ECSA, bungwe la mainjiniya la dzikolo. Njira imeneyo ndi yaitali kuposa yomwe bwana wanu akuithawa.

Kontrakiti ya kuno ikhale yamoyo. Mungolemba kalata ina yoonjezera yofotokoza kuti wasamutsidwa kwa nthawi yakutiyakuti, ntchito yake ndi iti, malipiro azichokera kuti, ndi kuti akamaliza adzabwerera pa udindo wanji.

Mlongo wanu wa ku Randburg:
Ndilowepo, ine ndimakhala mbali yolandira. Zomwe anena a ku Kanengo ndi zoona, koma chomwe chandiopsa ndi cha masiku 30 chija. Masiku amenewo ndi a mlendo wodzacheza. Sagwira nawo ntchito, ngakhale ya tsiku limodzi. Ndiponso chiyambire malamulo atsopano a 2014, munthu amene walowa ngati mlendo saloledwa kusintha n'kupempha visa ya ntchito ali mkati muno, kupatula pa zifukwa zochepa zomwe sizikumukhudza injiniya wanu. Pempholo amakapereka yekha ku dziko lakwawo, ndiye kwa inu ndi ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe.

Kampani ina yomwe ndinkagwirako kale inachita ndendende zomwe bwana wanu akunenazi. Munthu anabwera, masiku anatha tikuthamangathamanga ndi mapepala omwe sakanalandiridwa n'komwe, ndipo potuluka pa bwalo la ndege la OR Tambo anamudinda kuti ndi wosafunika m'dziko muno. Lamulo lake ndi loti ukapyola ndi masiku osaposa 30 umaletsedwa kulowa chaka chimodzi, ukapyola ndi masiku oposa 30 ndi zaka zisanu. Wathuyo anapyola ndi masabata asanu ndi limodzi. Ntchito inapita kwa wina, ndipo mpaka lero ndikakumbukira nkhope yake tsiku limenelo ndimachita manyazi, chifukwa cholakwa sichinali chake. Olemba ntchito nawonso sapulumuka, kugwiritsa ntchito mlendo wopanda chilolezo ndi mlandu wa chindapusa kapena ndende.

Nangozo wa ku Limbe:
Mayo ine. Chabwino, ICT yo ndiye tiyambe mawa lomwe?

Wa ku Kanengo:
Apa ndi pomwe pali fupa. Akufuna kontrakiti yosonyeza kuti munthuyo wakhala wantchito wa kampani yanu miyezi yosachepera 6 tsiku lopereka pempho lisanafike. Zaka ziwiri zija anali wa kampani yobwereketsa ija, dzina lanu silili pa kontrakiti imeneyo ngakhale pa mapepala a malipiro. Kuwerenga kukuyambira pa 1 Malichi. Miyezi 6 ikukwana kumapeto kwa Ogasiti. Pempho lingalowe mu Seputembala.

Mphwanu wa ku Mzuzu:
Pepani akuluakulu, ine ndine wamng'ono pantchitoyi. Koma munthu wagwiradi ntchito pamenepo zaka ziwiri, aliyense akumudziwa. Kungolemba kontrakiti ina ya deti ya chaka chatha kungavute?

Gogo wa Payroll:
Mwana wanga, ayi. Kontrakiti inganame, koma PAYE, msonkho wa pa malipiro, yomwe inapita ku MRA ndi ndalama za penshoni zidzanena kuti miyezi imeneyo ankamulipira ndi wina. Tsiku lomwe wina adzayerekeze mapepalawo, wosayina ndi Nangozo, osati bwana wake. Mabwana amaiwala msanga zomwe ananena pakamwa.

Mphwanu wa ku Mzuzu:
Ndamva agogo, ndabweza mawu.

Mlongo wanu wa ku Randburg:
Miyezi iwiriyi musaione ngati yotayika, idzakucheperani. Anzanu a ku likulu ali ndi ntchito yawo. Alembe kalata yovomera kumulandira, yotchula udindo womwe akaugwire, ndipo alonjeze kuti adzaonetsetsa kuti akutsata malire a visa yake ndi kuti adzalipira zomubweza kwawo zitafika poti abwezedwe. Inu mulembe yanu yomutumiza. Muikeponso umboni woti makampani awiriwa ndi a banja limodzi, zikalata zosonyeza mwini masheya. Kukhala ndi logo yofanana si umboni. Ndaonapo kampani ikuzindikira mochedwa kuti anzawo a kuno ndi ongogulitsa katundu wawo, alibe ubale wa umwini, ndipo ICT inafera pomwepo.

Chomwe ambiri amachichita mwaulesi ndi dongosolo losiyira luso. Lamulo limafuna kuti kampani yolandira isonyeze momwe luso la mlendoyo lidzasiyidwire nzika ya South Africa kapena munthu wokhala ndi chilolezo chokhazikika. Ena amangolemba ndime imodzi yoti adzaphunzitsa anzake. Ine ndimalemba dzina la wophunzirayo, nambala ya chiphaso chake, luso lenileni, ndi zomwe adzakhale akudziwa pakutha kwa chaka choyamba, chachiwiri, chachitatu. Ndipo apa mudzifunse moona mtima: ngati injiniya wanu akupita kukaphunzira makinawo osati kukaphunzitsa, mulemba kuti akusiya luso lanji? Mukambirane ndi likulu funso limeneli musanadzaze fomu ina iliyonse.

Nangozo wa ku Limbe:
Pamenepo tili bwino. Makina a mtundu umenewo anayamba kuikidwa kuno, iye ndi amene anawayendetsa kuyambira tsiku loyamba. N'chifukwa chake akumufuna. Koma bwana sandimvera za Seputembala, akuti makontena afika kale ku Durban.

Wa ku Kanengo:
Ilipo njira ya gawo 11(2) la lamulo lomwe lija, chilolezo cha mlendo chomulola kugwira ntchito yakanthawi, mpaka miyezi itatu. Chinapangidwira zinthu ngati zimenezi, munthu wokaika makina n'kubwerako. Nachonso amapempha asananyamuke. Akhoza kupita nacho, n'kubwerera kuno kudzapereka pempho la ICT.

Mlongo wanu wa ku Randburg:
Ilipodi, koma ine sindiikonda pa nkhani ngati iyi. Munthu akhala ku Joni pomwe akufunika ku Malawi kuti akadinde zala ku polisi, akapimidwe kuchipatala, athamangitse mapepala a banja. Akabwerako n'kuyamba zonsezo, mwataya nthawi yomwe mumafuna kupulumutsa.

Wa ku Kanengo:
Zimatheka mlongo, bola kalata ya ku polisi aiyambe asanakwere ndege. Kusiyana ndi kuti bwana atope n'kumutumiza mwakabisira.

Mlongo wanu wa ku Randburg:
Pamenepo ndagonja. Koma akapita, masabata ake awerengedwe, tikiti yobwerera igulidwiretu.

Gogo wa Payroll:
Nonse mwaiwala mayi wa kunyumba. Nangozo, ufunse mnyamatayo ngati ali ndi satifiketi ya ukwati. Ambiri athu tinangopanga chinkhoswe, ankhoswe anagwirana chanza, nkhuku inadyedwa, basi. Ku ofesi ya visa ankhoswe sawadziwa, amafuna pepala. Ana akhale ndi zikalata zakubadwa za ku NRB, ndipo ngati akukalowa sukulu afunika study visa aliyense. Mayiyo amuuziretu kuti visa yoperekeza mwamuna simulola kugwira ntchito. Ngati ali pantchito kuno, banjalo likhale pansi liwerengere bwino, chifukwa malipiro a ma rand amaoneka ambiri ukali ku Blantyre, ukalipira lendi ku Johannesburg amafota.

Uonenso mapasipoti onse anayi kuti akutha liti. Ya bamboyo iyenera kupitirira ndi masiku osachepera 30 kuchokera tsiku lomwe akuyenera kubwerako. Ngati ikutha chaka chamawa, akonze yatsopano panopa.

Wa ku Kanengo:
Chomaliza kwa ine: ICT sipitirira zaka 4 ndipo saiwonjezera. Zitatu zanuzo zikukwana. Koma mnyamatayo asapite ndi maganizo oti iyi ndi njira yokhazikikira ku Joni, si khomo lake limeneli. N'chifukwa chake udindo wodzabwererapo ulembedwe lero, anthu omwe akumulonjeza panopa mwina sadzakhalapo nthawi imeneyo.

Nangozo wa ku Limbe:
Ndangotuluka kwa bwana. Ndinawawerengera za zaka zisanu zoletsedwa zija, anakhala chete kanthawi, kenako anafunsa kuti ndani anawauza za masiku 30. Sindinawakumbutse kuti anali iwo. Tagwirizana kuti kontrakiti ya kuno ikhale, apite pa 11(2) masabata anayi okha kukaika makina, ICT tipereke sabata yoyamba ya Seputembala. Agogo, munalosera: satifiketi ya ukwati alibe, ndipo pasipoti ya mwana wamkulu inatha mu Januwale. Mlongo wa ku Randburg, munganditumizireko ku inbox chitsanzo cha dongosolo losiyira luso lija, mutafufuta mayina?

Mlongo wanu wa ku Randburg:
Ndikutumizirani madzulo ndikaweruka. Mundiuze makinawo ndi a mtundu wanji kuti ndisankhe chofananako.